Matayala a bambo, pepala la atsibweni

"Choka pa tayalapo! Bambo ako ali chete, iwe ukulimba mtima ngati ndani?"

Anali atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, sipanala ili m'manja, mitsempha ya m'khosi itatupa. Ine ndinali nditakhalira tayala lomaliza limene anali atangolimasula ku vani ya bambo. Linali latsopano, likununkhabe mphira, mano ake akundilasa kudutsa kabudula wa sukulu. Ndinawauza kuti tayalalo ndi la bambo anga, ngati akufuna lawo akagule. Khofi limene ndinalandira linanditseka khutu mpaka madzulo. Ndinali mu Sitandade 3, ndipo mtima wapachala umene anthu amandinena nawo lerowu ndinali nawo kale.

Bambo anali ndi vani yonyamulira chinanazi ndi nthochi kuchoka kwathu ku Milonde kupita ku msika wa ku Limbe. Atsibweni anali ndi ina ya mtundu womwewo, yonyamula anthu, koma yawoyo inali chiphakasa. Mabuleki ankachita kupopa ngati mjigo. Chitseko chankamangidwa ndi linya. Matayala anali osalala ngati mutu wadazi, penapake waya akusuzumira. Komabe chaka chilichonse ikapita ku Blantyre kukayezedwa, zimene tinkati fitinesi, inkabwera ndi pepala latsopano lomata pagalasi. Atsibweni ankayima pamsika n'kumamenya boneti. "Iyi sinalepherepo fitinesi. Kafunseni."

Sankanama. Chimene sankanena n'chakuti zimene zinkakhoza mayesowo zinali matayala a bambo, batire la bambo, nyali za bambo, ngakhale mawaipa opukutira galasi. Kwathu ankati kumeneko n'kuveka mkwatibwi. Galimoto inkapita kwa woyeza itavala za eni, ikabwerako n'kuvula, n'kubwerera ku nsanza zake, n'kumanyamula anthu amoyo chaka chonse. Woyezayo ankayang'ana chimene wachipeza tsikulo, basi. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo unkaseka. Mpaka lero sindinamvetse chimene chinali choseketsa pamenepo.

Bambo sakanakana. Anali mkamwini. Malo amene tinamangapo nyumba anali a kwawo kwa amayi, ndipo ife ana tinali mbumba ya atsibweni. Kuwonjezera apo, bambo anachokera kutsidya kwa malire ali mnyamata, pamene atsibweni ankamwera chikho chimodzi ndi tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Masiku amenewo kungoti "ujeni uja sitikudziwa amene amacheza nawo kutsidyako" kunali kokwanira kuti munthu asowe. Choncho bambo anali ndi liwu limodzi lachipwitikizi limene ankamezera nalo zonse: "Pasiyensiya." Kupirira. Ndimadana nalo liwu limenelo.

Chaka chimenecho chinali chosiyana ndi zina. Amayi anali ndi pakati, atatopa, ndipo azamba a m'mudzi anali atanena poyera kuti mwana wagona mopingasa, matenda akangoyamba athamangire nawo kuchipatala. N'chifukwa chake bambo anagula matayala atsopanowo mvula isanayambe. Tsiku la khofi lija ndinawamva akuyesa, mawu ali pansi ngati akupepesa.

"Alamu, achemwali anuwa atopa. Bwanji mudikire aone kaye njira?"

"Pepala langa latha dzulo," anatero atsibweni. "Mawa dzuwa lisanalowe ndabweza. Mwana sabwera ngati chitsokomolo."

Amayi anali pakhonde, miyendo yotupa ataitambasula pamphasa. Atsibweni anapita, n'kutisiyira vani itakhala pa zitsa, ndi matayala awo adazi ataunjikidwa pafupi ndi nkhokwe.

Mawa lakelo dzuwa linalowa. Linalowanso, n'kulowanso. Nkhuku zinayamba kubisala mvula pansi pa vani yathu. Uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa nsomba pa njinga: galimoto yakhoza fitinesi, koma pobwerera atsibweni anakumana ndi tcheyamani pa Chonde, ndipo tcheyamaniyo anafuna galimoto zokhala ndi pepala latsopano kuti zinyamule amayi ovina kupita ku msonkhano waukulu m'tauni. Akakhala kumeneko mpaka msonkhano utatha.

Ndikudziwa zimene anthu a msinkhu wanga anganene, kuti nthawi imeneyo palibe akanakanira chipani. N'zoona. Koma kuchoka pa Chonde kufika kwathu si ulendo wa ku Joni. Atsibweni akanatha kunena kuti mlongo wanga ali pafupi kuchira, ndikasiye batire lokha ndibwere. Sananene. Anamangiridwa kambendera kutsogolo kwa galimoto, amayi akuimba kumbuyo, apolisi akuwakwezera dzanja pamsewu, ndipo zinawakomera. Ndinaiona nkhope yawo pobwera. Sinali nkhope ya munthu wokakamizidwa.

Matenda anayamba masana, mvula ikugwa yosalekeza ija imene imabisa phiri lonse. Ndinamva amayi akubuula m'nyumba, kubuula kumene ndinali ndisanakumvepo. Bambo anathamangira matayala adazi aja n'kuyamba kuwamanga mothamanga. Batire panalibe. Amuna a nyumba zoyandikana anakankha, ine ndili pakati pawo, mpaka pa chitsikiro cha kumjigo pomwe injini inatsokomola n'kulira. Amayi anawagoneka kumbuyo pa matiresi, mutu uli pamiyendo ya amayi aang'ono. Ine ndinalumphiramo popanda wondiuza, ndipo panalibe amene anali ndi nthawi yonditsitsa.

Bambo ankayendetsa mutu uli kunja kwa windo chifukwa galasi linalibe chopukutira. Tinayenda bwino mpaka pa chikweza cha m'munda wa tiyi. Dothi la pamenepo ndi lofiira, likanyowa limaterera ngati therere. Matayala anazungulira pamodzimodzi, vani inayamba kubwerera chammbali pang'onopang'ono, kenako inatsamira mu ngalande. Tayala limodzi linaphulika. Ndimakumbukabe fungo la mphira wopsa litasakanikirana ndi la masamba a tiyi onyowa. Bambo anaika nthambi pansi pa matayala, anaika masaka, pomaliza anavula malaya awo n'kuikapo. Vani yokhala ndi pepala lake lenileni la fitinesi, imene inalibe vuto lililonse masiku angapo m'mbuyomo, inangolira osasuntha.

Amayi othyola tiyi anatula madengu awo n'kubwera akuthamanga. Anazungulira kumbuyo kwa vani, natambasula zitenje zawo ngati mpanda. Mmodzi anandigwira paphewa. "Mwanawe, pita uko. Izi si zako." Kapitawo wawo anatuma munthu kukaitana thirakitala ya pa esiteti, koma inali kumunda wina wakutali, ndipo pamene inkafika kunja kunali kutayamba kuzirala. Amayi anali atasiya kubuula. Anawakweza mu ngolo ya thirakitalayo pamodzi ndi bambo ndi amayi aang'ono, ine n'kubwerera kumudzi wapansi ndi mayi wina amene sindinamudziwe dzina.

Mawa lake amayi aang'ono anabwera okha. Ndinawathamangira kufunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

"Amayi ako ali moyo, uthokoze Mulungu," anatero. "Apita padera."

Lero ndikudziwa tanthauzo lake. Ndikudziwanso chifukwa chake amayi achikulire okhaokha anatsikira kudambo ndi khasu tsiku lomwelo, popanda nyimbo, popanda wolira, n'kubwera kudzasamba m'manja ngati achokera kokumba mbatata. Mwana wotere kwathu samulira maliro, ndipo ana sauzidwa. Koma ine ndinkadziwa pa Chonde, ndinkadziwa pa Thuchila. Ndinangoti pa Dera ndi malo enanso a m'mbali mwa msewu, kumene kuli chipatala chachikulu, kumene ndinali ndisanafikeko.

Amayi anabwera patapita masiku, atawonda, pachifuwa atamanga nsalu yothina, m'manja mulibe kanthu. Analowa m'nyumba n'kugona atayang'ana kukhoma. Ndinaganiza kuti mwana anamusiya chifukwa chosowa galimoto yabwino yomutengera pa mvula.

Madzulo a tsiku lomwelo tinamva hutala. Atsibweni anaima pabwalo, kambendera kakadali pamalo pake, pepala latsopano likuwala pagalasi, matayala a bambo atadzaza matope a misewu ya eni. Anali atamva kale. Analowa kwa amayi, sanakhalitse, natuluka kudzakhala pa mpando wa bambo.

"Izi ndi za Mulungu, alamu," anatero. "Komanso inu, munthu wodziwa galimoto, mungakwere chikweza chija ndi matayala amene aja?"

Ndinayang'ana bambo. Ndinkafuna atenge sipanala. Ndikunena zoona, ndinkafuna magazi. Bambo anayang'ana pansi, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo ndi liwu lawo lija. Atsibweni anadzuka, nati matayala abweza mawa chifukwa lero atopa ndi ulendo, n'kuliza galimoto kupita kwawo.

Ndakula, ndakwera galimoto zambiri, ndipo munthu akandilozera pepala pagalasi kuti iyi ndi yodalirika, ndimamufunsa kuti matayalawo ndi a yani. Ena amakwiya. Akwiye. Koma tsiku limenelo sindinkadziwa kuti pali chimene chatha. Ndinkangoona kuti akuluakulu onse akhala pansi, mwana ali yekha kwa eni, ndipo galimoto yoyenda m'mudzi monse ndi imodzi.

Kutacha ndinatsegula dengu la amayi, ndinatenga shawelo yoyera imene analuka okha, n'kupita kwa atsibweni. Ndinamasula linya la chitseko, ndinakwera kutsogolo. Iwo anatuluka m'nyumba mswachi uli kukamwa, nandiona, nayamba kukweza dzanja.

"Galimoto yanu ndiyo ili ndi pepala," ndinawauza. "Lizani. Tikatenge mwana pa Dera."

Dzanja lija linatsika. Anaima pomwepo pa mvula yowaza, thovu likuyenderera pachibwano. Ine ndinayala shawelo pamiyendo kuti isakhudze mafuta a pampando, n'kumadikira kuti alize.