Mphini za Chipolopolo

Sunthirani kuno, inu a kumbuyo, mafoniwo muike pansi, mumve za chitseko changa chomwe mumachiseka chigambachi.

Anali masana, ine ndikusankha nyemba pakhonde konkuno ku Zengeza, kufupi ndi Harare. Phuu! Phuu! Wogulitsa buledi pakona anagwa atagwira mwendo. Chipolopolo china chinandidutsa pakhutu n'kukazikika m'chitseko. Wowombayo palibe anamuona, koma pakamwa pa anthu sipanachedwe: "Ndi mkamwini wa Gogo! Si amagwira mfuti ku ulonda wake ku Chikwanha? Anthu a ku Malawiwa!" Chonsecho ife tinabadwira pafamu m'dziko lomwe lino. Dzuwa lisanapendeke mkamwini anali atatengedwa ndi apolisi, mwana wanga akulira, khanda lili kumsana.

Kenako anatulukira bambo wa nyumba yoyandikana nafe, pulayala yozulira misomali ili m'manja.

"Gogo, tizule chinthuchi tikataye m'chimbudzi. Chikapezeka pano, mkamwini wanu aolera m'ndende."

Ine ndinati, "Achimwene, dzino lanu lovundalo lakukanikani kuzula, ndiye muyambire chitseko changa?"

Amayi a kutchalitchi nawo ankati ndi tsoka, lichoke msanga. Ndinakoka mpando n'kutsamira chitsekocho. Ndinawauza kuti chinthuchi chalowa kwanga popanda odi, ndiye chinene chokha kumene chachokera. Wofuna kuchizula ayambe wandinyamula ine.

Kunabwera wapolisi wamkazi, wa msinkhu wa mwana wanga, atavala magolovesi. Anafunsa m'Chishona ngati wina wachikhudza. Ndinati ayese ndani! Ndipamene anandiuza kuti m'mimba mwa mfuti muli mizere yopotana. Chipolopolo potuluka chimakandika, ndipo mfuti iliyonse imakanda mwakemwake. Pulayala ija ikanangochiluma, zonsezo zikanafufutika.

"Ndiye ndi mphinitu zimenezo, mwanangu!"

Malemu amayi anga anali nazo mphini kumaso, ndipo akaona za mnzawo ankadziwa dzanja lomwe linatema.

Wapolisiyo anadula chitseko ndi macheka, kutenga chipolopolo ndi thabwa lake lomwe. Chitsekocho anakhoma ndi malemu amuna anga, koma ndinati dulani. Mfuti ya ku ntchito ya mkamwini anakaiombera m'thanki ya madzi, n'kuika zipolopolo ziwirizo pambalipambali pansi pa galasi lokulitsa zinthu.

Kudikira kwake kunatalika. Anthu anasiya kugula tomato wanga. Ine m'mawa uliwonse ndinkayala ndithu, n'kumawapatsa moni mokuwa, aliyense ndi dzina lake.

Mphini sizinafanane.

Mkamwini anatuluka, ulonda anausiya, pano akuyendetsa kombi, minibasi ya ku Harare. Wa buledi amatsimphina koma akugulitsabe, ndipo ine amandisungira wofewa. Bambo wa pulayala anasamukira ku Seke osatsanzika. Sindikunena kuti mfuti inali yake, ayi, sindinaone, ndipo ine sindiloza munthu chala ngati mmene anatilozera ife. Wapolisi uja akadutsa amaima n'kumwa madzi. Chigambacho adzukulu akuti achipake penti. Ndakana.