Lamba wa chikopa

Chaka chimene mwana wathu woyamba ankamera mano, bambo ake anapanga makina osemera miyendo ya matebulo. Anatenga gudumu lakale la njinga, lamba wa chikopa cha ng'ombe, ndi zitsulo ziwiri zosongoka zopanira mtengo uku ndi uku. Ine ndinkapukusa gudumu mwana ali kumbuyo, iwo n'kumasema ndi tchizulo mtengo ukuzungulira.

Anali mkamwini m'mudzi mwathu, kuseri kwa Bembeke. Anzawo ambiri anali atapita ku Joni, ndipo anandiuza poyera kuti makinawo akakanika, nawonso akalembetsa.

Nyengo yozizira itafika, makina anayamba makani. M'mawa gudumu linkazungulira bwinobwino, koma tchizulo ikangokhudza mtengo, mtengowo unkaima, lamba akungoterereka. Bambo a mwana anamasula gudumu n'kuthiramo mafuta. Mafutawo anadonthera pa lamba, kuterereka n'kunyanya. Tinamutsuka ndi phulusa. Kenaka anamudula kuti afupike, n'kumusokanso. Lambayo anagwira ndithu, koma masana dzuwa litatuluka anakungika mpaka kuduka. Chikopa chotsala chinali chokwanira lamba mmodzi yekha.

Amalume anga ankadutsa pamenepo ndi khasu paphewa.

"Akamwini, kodi njinga yanuyi ifika liti ku Linthipe? Mutikwezeko, tili ndi kabichi."

Bambo a mwana anaseka nawo. Koma madzulo anatsitsa sutikesi yawo kudenga n'kuyamba kuipukuta fumbi.

Ine sindinali munthu woyankhula, makamaka pa ntchito ya amuna. Koma manja anga ankadziwa kuti gudumu limapepuka m'mawa, masana n'kulemera. M'mawa mwake nkhungu inaphimba phiri lonse, ndipo nditagwira chikopa chotsala chija ndinapeza chili lende, chofewa. Ndinakumbuka zimene ndinaona ndili mtsikana. Ife a ku mishoni sankatilola kuonera gule wamkulu, koma ndani sanasuzumirepo?

Ndinayankhula maso ali pansi.

"Bambo a mwana, chikopatu chimamwa nkhungu. Ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto."

Anandicheukira.

"Inu a kwaya, za ng'oma za kubwalo mwazidziwira kuti?"

"Ndinangomva."

"Munamva ndi maso?"

Ndinabisa nkhope m'chitenje. Iwo anapita kukapala makala pa phale.

Tinayamba tawamba chikopacho mpaka chinauma gwa, ndipo anayeza lamba watsopano chili chouma choncho, kuti dzuwa lisadzamudulenso. Iwo anaonjeza nzeru yawo: anamupaka utomoni wa paini kuti azimata. Nditapukusa, gudumu linalemera ngati masana. Tchizulo inaluma, mtengo osaima. Zipalapala zinauluka zopotanapotana, zina n'kugwera mwana pamutu, iye akuziwakha n'kumaseka.

"Pukusani, mayi a mwana, musaleke."

Sindinaleke mpaka miyendo inayi inaima pakhonde, yosalala, yofanana ngati mapasa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa wa nkhungu uliwonse ndinkayamba ndawamba lamba ndisanapite kumadzi. Amalume anabwera kudzafunsa ngati akamwini angawapangire mpando wotsamira.

"Tipanga," anatero bambo a mwana. "Koma ku Linthipe sukafika."

Sutikesi ija sinabwererenso kudenga. Anaiika pansi pa makina, n'kumasungamo matchizulo.