Telefoni Yodziwa Nkhope Imodzi

Ndinaganiza zopita ku Tete tsiku limene ndinaona dzina langa pakhoma la sikola, pakati pa amene tinakhoza desima, kalasi ya khumi. Anzanga ankalumphalumpha, ine ndinangoima. Chaka chimenecho kachewere wathu anapsa ndi chiwawu, ndipo kupitiriza sikola ku Ulongwe kumafuna chipinda chogona, zovala ndi chakudya. Ndinawauza amayi tikusankha nyemba pakhonde.

"Chaka chimodzi chokha, amayi. Ndikagwire ntchito, ndidzabwere kudzapitiriza."

"Iwe wobadwira m'nkhungu, ku Tete ukasungunuka ngati mafuta," anatero. Anasankhabe nyemba kanthawi, kenaka anafunsa osandiyang'ana: "Nanga ndizikumva bwanji, Lusiya?"

Amayi sadziwa kulemba. Choncho ndinawasiyira telefoni yanga yakale, n'kuwaphunzitsa kudina kachizindikiro kotumizira mawu, kulankhula, kenaka kuchotsa chala. Kwathu ku Lifidzi redi, netiweki ya telefoni, imagwira bwino pachulu cha kumtunda kwa dimba lathu, ndiye tinapangana kuti azikwera pamenepo Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.

Ntchito ndinaipeza mu loja, kapena kuti sitolo, ya matelefoni ya Dona Selesitina, mayi wa ku Domwe amene anaphunzira limodzi ndi azakhali anga. Ndinkasesa, kupukuta magalasi, kenaka ndinaphunzira kugulitsa. Kumbuyo kwa loja kunali kachipinda kanga kamalata. Masana kankatentha ngati uvuni wa buledi, ndipo ndikatseka maso ndinkaona maluwa oyera a kachewere akugwedezeka m'nkhungu. Ndalama zinali zochepa, ndisaname. Pang'ono ndinkatumiza kumudzi, pang'ono ndinkasunga za sikola, zotsala zinkathera madzi ozizira. Lamlungu ndinkakhala pansi pa mlambe wa kuseri kwa loja n'kumvetsera mawu a amayi pa telefoni imene Dona anandibwereka. Ankanena za mbuzi, za mvula, za amene wakwatiwa. Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva mphepo ya kwathu. Ndinkabwereza uthengawo mpaka sabata yonse ithe.

Mu loja munali nkhondo yosatha. Matelefoni alipo a mitundu iwiri, malinga ndi nzeru zimene zimayendetsa m'kati mwake. Ife tinkati ena ndi "a chipatso", chifukwa cha chithunzi cha chipatso cholumidwa kumsana kwake, ena "a kachidole", chifukwa cha kachidole kobiriwira. Dona anali wa chipatso. A Zeka, amene ankakonza matelefoni pakona ya loja, anali a kachidole. Nthawi ndi nthawi opanga amatumiza zatsopano zoti zilowe m'telefoni, zimene timati atuwalizasawu, ndipo zikangofika awiriwa ankayambana.

"Taonani, a Zeka," Dona ankatero akuonetsa galasi lake. "Zafika lero kwa aliyense, tsiku limodzi, ngakhale telefoni yakale. Zanuzo mudikira mpaka ndevu zichite imvi."

"Zimene mukunyadirazo ife tinazidya kale, Dona, mpaka tinatsuka mbale," a Zeka ankayankha, kasikuludiraiva kali pakamwa. "Inu akuuzani mtundu wa nsalu, muvale. Ife timasankha tokha."

Ine ndinkalemba zonsezi m'mutu kuti ndizifotokozera ogula. Za chipatso zinasintha tizithunzi tonse kukhala ngati madontho a madzi, oonekera mbali ina, ngati mame pa tsamba la kabichi. Ndinkatha kutiyang'ana nthawi yaitali. Za kachidole zinkatenga mtundu wa chithunzi chako n'kuupaka paliponse. Ukaika chithunzi cha munda, telefoni yonse imabiriwira. Koma chimene onse awiri ankapikisana kwambiri chinali kutseka. Ya chipatso inkadziwa nkhope ya mwini wake ngakhale mumdima. Ya kachidole inkadzitseka yokha munthu akaitsomphola n'kuthamanga. Pa nkhani imeneyi yokha Dona ndi a Zeka ankagwirizana: telefoni yosatseka ndi ya munthu wopusa.

M'nyengo yozizira, imene ku Tete imangomveka dzina, amayi anasiya kulankhula. Lamlungu linadutsa, lina linadutsanso. Ndinaimba, koma telefoni ikakhala kunyumba kwathu siilira. Potsiriza azakhali anandiuza kuti kapulogalamu kotumizirana mawu kakufuna zatsopano, koma telefoni ikukana.

Ndinawafunsa a Zeka. Anakanda m'mutu.

"Mwana wanga, imeneyo aisiya m'mbuyo. Zotchipa zija opanga ake amaziiwala msanga."

"Mwamva?" anatero Dona. "Anena okha ndi pakamwa pawo."

Masabata amenewo ndinasungulumwa kuposa kale lonse. Ndinkayenda mpaka pa mlatho wa Zambezi, kuyang'ana machapa, maminibasi olowera kumtunda, n'kumaganiza kuti ndakhala m'kati, mpweya ukuzizira pang'onopang'ono tikamakwera mapiri. Ndinkachita mantha kuti ndiiwala mmene amayi amasekera.

Mu loja munali telefoni ya chipatso imene wina anasinthanitsa, yong'aluka kumsana. A Zeka anaikonza akung'ung'udza, Dona n'kundilola kuti azindidula pang'onopang'ono pa malipiro. Ndinadziwa kuti za sikola zichedwa, koma ndinati iyi siidzasiyidwa m'mbuyo msanga, amayi sadzakhalanso chete.

Ndinapempha masiku ochepa n'kukwera chapa. Titadutsa milambe yomaliza ndinatsegula zenera. Fungo la utsi wa nkhuni ndi dothi lonyowa linalowa, ndipo mayi amene anakhala pambali panga anandidzudzula kuti ndikumuzizirira mwana.

Amayi anandigwira mikono, nati ndada ngati mphika. Masana omwewo tinakwera pachulu, ndinaika kartawu kawo ka nambala m'telefoni yatsopano. Redi inali yofooka, inangokwanira kutsegula kapulogalamu kaja. Kenaka ndinawauza kuti ayang'ane galasi n'kuzunguza mutu.

"Ndizunguze bwanji? Ngati nkhuku yomwa madzi?"

"Pang'onopang'ono, amayi. Ikuphunzira nkhope yanu."

"Iphunzire msanga, nkhope yake ndi yomweyi, sindisintha."

Atayang'ananso, telefoni inatseguka yokha. Anaseka mpaka kugwira bondo. Ndinawaonetsa tizithunzi ta mame tija, ndipo usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

M'mawa mwake ndinapita ku Ulongwe kukafunsa za malo a sikola chaka chamawa. Nditabwerako ndinapeza telefoni ija itakulungidwa m'kansalu, ili pamwamba pa chikwama changa. Amayi anali pakhonde, akupeta.

"Ubwerere nayo," anatero. "Ndi yokongola, koma yandichititsa manyazi."

Sindinamvetse. Anandifotokozera kuti iwo ali kudimba, kunabwera a Nangozo, oyandikana nafe nyumba, amene mwana wawo Fernando amagwira ntchito ku Beira. Anaitenga telefoni pa msomali wa pakhonde n'kukwera nayo pachulu. Inawayang'ana n'kuwakana. Anayesa kumwetulira, anavula duku, inakanabe. Kunabweranso ena awiri, nawonso inawakana. Anatsika onse n'kudutsa pamphepete pa dimba osapereka moni.

"Akuti ndaiuza ndine kuti isawadziwe," anatero amayi. "Akuti mwana wanga wabwera ndi za m'tauni, ndiye ndayamba kusankha anthu."

"Koma bwanji anaitenga osapempha?"

Amayi anasiya kupeta n'kundiyang'ana modabwa. "Apemphe chiyani? Yakale ija inkakhala pa msomali pomwepo. Ya a Nangozo inagwera m'chitsime, ya a Nankhoma mwamuna wawo anapita nayo ku Domwe. Ana awo onse amatumiza mawu pa nambala yathu. Iwe unkaganiza kuti wodikira mawu unali iwe wekha?"

Ndinakhala pansi. Miyezi yonse ija ndinkaona amayi ali okha pachulu, ine ndili ndekha pansi pa mlambe. Sindinadziwe kuti kumbuyo kwawo kumakhala mzere wa amayi ena, aliyense akudikira mwana wake.

"Ndikuuzani kodigu ya manambala, muwauze," ndinatero.

"Kuti azibwera kudzandipempha chinsinsi ngati ndine banki? Ayi. Ngati siingathe kudziwa anthu onse, ipite."

Ndinaiyang'ana telefoniyo m'manja mwanga. Ndinakumbukira Dona ndi a Zeka, ndi zonse zimene ndinaloweza za kutseka. Ikabwerera nane ku Tete, ndiye kuti Lamlungu lililonse likhala lopanda mawu. Ndinalowa m'kati mwake, ndinafufuta nkhope ya amayi, ndinachotsa kodigu. Inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina kuti inde.

"Tsopano siidziwa aliyense," ndinatero. "Ngakhale inuyo."

"Eya," anatero amayi, akumanga duku. "Kaitane a Nangozo."

A Nangozo anabwera nkhope ili gwa, manja kumbuyo. Tinakwera pachulu tonse atatu, nkhungu ikuyamba kutsika m'madimba. Ndinawapatsa telefoni. Anaigwira patali ngati njoka, n'kuikhudza ndi chala. Inatseguka. Kamphepo kanaomba, redi inagwira, ndipo mauthenga amene anali kudikira anayamba kulowa motsatizana, ochokera ku manambala amene sindinawaonepo: ku Beira, ku Moatize, ku Lilongwe.

Anadina wa ku Beira. Mawu a mwamuna anamveka, ndi phokoso la magalimoto kumbuyo: "Amayi, bwanji mwakhala chete? Mpongozi wanu wachira. Ndi mtsikana. Tikudikira dzina."

A Nangozo anakhala pansi pa udzu wonyowa. Anaumvetseranso kawiri. Kenaka anadina kachizindikiro, anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke, telefoni inangojambula kupuma kwawo ndi mphepo.

"Chotsani chala, mwatumiza mphepo yokhayokha," anatero amayi.

"Isiyeni ipite, aimve," anatero a Nangozo akupukuta m'maso. "Dzina ndimuuza ndikakhala bwino."

Ndikulemba izi ndili m'kachipinda kanga ku Tete, malata akuthetheka ndi dzuwa. Dona nditamuuza zimene ndinachita anagwira m'mutu, a Zeka anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe amene ananena kuti wapambana. Malo a sikola andisungira, ndipita chaka chamawa ngati mvula igwa bwino. Uthenga wa amayi wa dzulo unali waufupi. Anati mbuzi yabereka awiri, nyemba zayamba maluwa, kenaka anatsitsa mawu:

"Ndikanalankhula zambiri, mwana wanga, koma kumbuyo kwangaku anthu akundiyang'ana."