Panalibe Woti "Bwererani Achimwene"

Loweruka lapitali ndinaima panja pa sitolo ina ku Lafayette Road, kuno ku Indianapolis, manja m'thumba, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti wina andiitane.

Ndinali nditalowamo kukagula sutikesi. Ndinaiona nditangoponda pakhomo: yakuda, yolimba, ya mateyala anayi. Mtima unati ndi yomweyi. Koma ine ndinakulira mumsika wa Limbe, ndipo kumeneko chinthu ukachifuna umayamba wachinyoza. Ndinaigogoda ngati chivwende. Ndinakoka zipi n'kupukusa mutu. Ndinauza mwini sitolo kuti mateyala amenewo sangafike ndi pabwalo la ndege pomwe. Atakana kutsitsa, ndinachita chimene sichinandigwiritsepo mwala chibadwire: ndinatembenuka n'kuyamba kutuluka, pang'onopang'ono.

Inu a ku Limbe mukudziwa chotsatira. Usanafike pakhomo umamva kuti, "Bwererani achimwene, tikambirane."

Munthu uja anangondifunira tsiku labwino n'kubwerera pafoni yake.

Akazi anga anali m'galimoto. Anatsitsa galasi. "Bambo a Tamanda, mukudikira ndani pamenepo? Mwini wakeyo wayamba kudya. Kalipireni tizipita, ku South Bend si pafupi."

Ndinabwerera. Ndinalipira mtengo wonse, n'kuwonjezerapo zikomo.

Sutikesiyo inali ya Tamanda, mwana wathu mmodzi yekhayo. Wangomaliza maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi ku South Bend, ndipo tinkapita kukamuthandiza kulongedza. Koma katunduyo sakubwera kwathu ku Beech Grove. Akupita kunyanja yamchere. Ndipo amene anamukankhira kumeneko ndi ine, ndi nzeru zanga zomwezi za mumsika.

Imvani mmene zinakhalira.

Chaka chake chomaliza, Tamanda anapeza ntchito ziwiri. Yoyamba inali ya kufakitale ina yopanga zipangizo zamagetsi kunja kwa Indianapolis, pafupi moti akanamadzadya kwathu madzulo alionse. Ankaphunzirako ntchito patchuthi, ndipo tsiku lina analoledwa kubweretsa makolo. Ndinalowa nditavekedwa chijasi, chisoti ngati namwino, ndi kachingwe pamkono. Akuti thupi la munthu limanyamula magetsi akeake, ndipo chala chokha chikhoza kupha kachipangizo osamva ndi phokoso lomwe.

Chala changa ichi! Chimene chinadzutsa mawailesi akufa kwa zaka zambirimbiri!

Paja ine ntchito yanga kale inali imeneyo. Ndinali ndi benchi pafupi ndi ogulitsa zitsulo. Wailesi ikabwera ndinkaitsegula kumbuyo, kuinunkhiza, n'kudziwa pamene papsa. Powotcherera ndinkatenthetsa msomali pambaula. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Makasitomala ankakhala pathabwa akutsutsana za mpira, ndipo wailesi ikangotsokomola n'kuyamba kuimba, mzere wonse unkaomba m'manja ngati mwana wabadwa. Masiku amenewo fungo la mtovu wosungunuka linkandikhala m'malaya mpaka Lamlungu kutchalitchi.

Kufakitale kuja ndinaona makina akudzala tizipangizo tating'ono ngati nthangala za chitowe pamabolodi obiriwira, mofulumira kuposa nkhuku yotola mapira. Ndinaona mwana wanga akuloza pakompyuta, amuna a imvi akugwedeza mitu. Mumtima ndinati, benchi yanga ija yakula.

Ntchito yachiwiri inali ya asilikali a pamadzi. Ankafuna mainjiniya oyendetsa injini za nyukiliya m'sitima zankhondo, zina zoyenda pansi pa madzi. Nditamufunsa kuti zimenezo n'chiyani, anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti muli chitsulo chotentha chosafuna makala kapena dizilo. Chimawiritsa madzi, nthunzi n'kumazungulitsa makina, makinawo n'kumakankha sitima, zaka ndi zaka osathira mafuta.

"Ndiye kuti ketulo," ndinatero. "Zaka zinayi kusukulu kuti ukawiritse madzi?"

Anaseka. Koma ndinaona mmene maso ake ankawalira, ndipo ndinachita mantha. Chifukwa ketulo imeneyo ikamira, imamira ndi mwana wako miyezi ingapo. Foni palibe. Kumene ali sunganene, chifukwa ngakhale iwe sakuuza. Kunyumba kukagwa zovuta, uthenga umadikira sitima. Mwana wa ku Indiana, dziko la minda ya chimanga, wobadwa kwa anthu amene madzi amchere anayamba kuwaona pawindo la ndege!

Tsiku lina Lamlungu Tamanda atabwera kunyumba, titatha kudya, anandifunsa maso ndi maso. "Adadi, inuyo mukuganiza bwanji?"

Mtima wonse unkakuwa kuti khala, mwanawe, khala. Koma munthu wa mumsika saonetsa chimene akufuna. Ukaonetsa, waluza. Ndinaganiza kuti ndikamuuza kuti akhale, apita dala, paja ana ndi otero. Ndiye ndinanyoza katundu.

"Kufakitale? Aaa, ntchito imene ine ndinkagwira ndi msomali? Pita kunyanja konko. Ndiponso chipinda chakocho ndikuchifuna, ndiikemo mawailesi anga akale."

Ndinanyamuka n'kupita pabalaza, pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndinkadikira kuti anene kuti, "Koma adadi, kufakitale n'kwabwinotu," ine ndikane pang'ono, iye alimbikire, kenaka ndigonje ngati ndikumuchitira chifundo.

Iye analowa kukhitchini. Anatsuka mbale, anapukuta ngakhale zouma kale. Anatenga nthawi yaitali kulongedza kachikwama kamodzi. Atalowa m'galimoto anakhala injini ikulira, osanyamuka. Ine ndinkasuzumira pakatani, n'kumati, taonani, akuganiza, abwerera ameneyu.

Patapita masabata angapo anaimba foni kuti wasayina.

Amayi ake sanandilankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anandiikira tiyi patebulo n'kunena kuti, "Mwatsitsa mtengo mpaka mwana wapita ulere."

Ndikufunseni, makolo anzanga amene tili kuno: ndine ndekha kodi?

Ife tinaleredwa ndi chikondi chobisa nkhope. Mwana akabwera patchuthi timati, "Wabwera kudzatha chakudya." Akakhoza mayeso timati, "Nanga malikisi enawo anatenga ndani?" Kwathu aliyense ankadziwa kuti mawu oyamba si mtengo weniweni. Unkamva kunyozako n'kuchotsera wekha, n'kupeza chikondi pansi pake. Koma ana athuwa akulira kumene mtengo wolembedwa ndi womwewo. Ukati pita, amva kuti pita. Chichewa chathu amachimva ndithu. Chimene sitinawaphunzitse ndi kuchotsera.

Ndipo kodi ifeyo tinkachotsera bwino nthawi zonse?

Tsiku limene ndinkachoka ku Malawi, bambo anga anandiperekeza kudepoti ya Wenela. Anandinyamulira chikwama ulendo wonse osalola kuti ndiwalandire. Titafika pabasi anati, "Pita, pakamwa pachepeko pakhomo." Anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Ndikuwaonabe mpaka lero: jekete la bulauni, chipewa chopendekera, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wa minga kuphazi. Ine ndinakhala pawindo n'kumadabwa kuti mkulu wamphamvu chotere wayamba liti kutsimphina.

Zanditengera zaka zonsezi, ndi sutikesi imodzi, kuti ndizindikire kayendedwe kaja. Khutu lawo linali kumbuyo. Sindinawaitane. Anamwalira mapepala anga okhalira kuno asanalongosoke, ndipo maliro awo ndinawamvera pafoni.

Zonsezi zinkandizungulira m'mutu pamsewu wopita ku South Bend, minda ikudutsa mbali zonse, akazi anga akuimba nyimbo za kwaya chapansipansi ngati sindilipo.

Tinamupeza Tamanda pakati pa makatoni. Anaiyang'ana sutikesi, kuikoka uku ndi uku, n'kufunsa amayi ake, "Anenerera?"

"Anayesa," anatero amayi ake. "Anatuluka mpaka panja. Mphepo yokha ndi imene inawaitana."

Tamanda anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinadzipatsa ntchito yokhuthula madirowa. Mudirowa yomaliza, pansi pa zingwe ndi mabuku, ndinapezamo kasikuludiraiva ka chigwiriro chofiira, kopsa mbali imodzi. Ndinakadziwa pomwepo. Kanapsa pambaula yanga ku Limbe. Ndinkayesa kanatayika kalekale.

"Aka kakutani kuno?"

"Munandipatsa ndinu," anayankha m'Chingerezi. "Ndili wamng'ono. Munandiikira wailesi patebulo n'kunena kuti ndiitsegule ndione amene akulankhulamo."

Ndinakhala pabedi lopanda zofunda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinati, lero ndinene mtengo weniweni, ngakhale msika watsekedwa.

"Tamanda. Chipinda chija sindikuchifuna. Mawailesi akhala bwinobwino m'galaja. Tsiku lija ndinkafuna ukhale."

Amayi ake anasiya kupinda zovala.

Tamanda anayang'ana pansi. Kenaka analankhula m'Chichewa, chija chake chopindika lilime chimene amachitulutsa kamodzi pachaka.

"Ndinakhala m'galimoto, adadi. Ndimadikira inu."

Mwamva? Tonse awiri tinatembenuka. Tonse awiri tinkayenda pang'onopang'ono, khutu kumbuyo. Ogula awiri, wogulitsa palibe. Mwana amene ndinkati sadziwa za msika anatengera kayendedwe ka agogo ake amene sanawaonepo.

Ndinamufunsa kuti ndikanatuluka tsiku lija, kodi akanasankha fakitale?

Anapukusa mutu. Anati ayi. Ntchito ya m'sitimayo amaifuna ndithu, ndipo anaifuna kuyambira tsiku limene anamva za ketulo ija. Akanapitabe. "Koma ndikanapita ndikudziwa kuti pakhomo pali wondifuna."

Apo ndiye pamene panandipweteka. Ine ndinkayesa tikunenerera za ntchito. Ntchitoyo sinali pamalonda n'komwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ndine ndemwe ndinamupatsa chotsegulira. Chimene ankapempha chinali mawu awiri okha, aulere, ndipo ine ndinawaumira ngati ndalama yomaliza.

Achinyamata athu ambiri akuphunzira zinthu zimene ife sitingathe ngakhale kuzitchula. Ena adzalowa m'mafakitale ovala zijasi, ena adzamira ndi sitima, ena adzapita kumizinda imene sitidzaiona. Sitingawagwire, ndipo sitiyenera. Nafenso tinasiya anthu padepoti. Koma mwana wopita kumalo opanda foni amanyamula mawu omaliza amene anamva pakhomo, ndipo amakhala nawo miyezi pansi pa madzi. Wanga anatsala pang'ono kunyamula akuti chipinda chake chikufunidwa ndi mawailesi.

Kasikuludiraiva kaja Tamanda anakalowetsa m'thumba la m'kati mwa sutikesi. Zipi inayenda bwinobwino, ija ndinkaipukusira mutu.

Titalongedza zonse, ine ndi akazi anga tinatsazika n'kuyamba kupita kugalimoto. Ndinadzipeza ndikuyenda pang'onopang'ono. Chizolowezi sichifa. Koma ulendo uno sindinadikire. Ndinatembenuka pakati pa msewu, anthu akuona, n'kukuwa ndi mawu anga onse a mumsika wa Limbe:

"Iwe Tamanda! Ukabwerere!"

Anaimika dzanja ali pakhomo, akuseka, akupukuta m'maso.

Nanga inu, amene mukuyenda pang'onopang'ono khutu lili kumbuyo, mukudikira kuti aitane ndani?