Galimoto Yosayenda ya Bambo Matewere

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira Bambo Bizwell Matewere, amene tonse tinkangowaitana kuti Malume.

Anabadwira m'komboni ya pamgodi ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza. Ali mnyamata ankatumikira pa Misa, ndipo bambo awo atamwalira anasiya sukulu kuti alere azing'ono awo. Umakaniko anauphunzira pongoyang'anitsitsa manja a ena. Zinthu zitathina kumeneko anatsikira kuno ku Joni, n'kukhazikika ku Brakpan ndi akazi awo, Mayi Bessie, amene Ambuye anawaitana msanga. Sanakwatirenso. Pabwalo panangotsala galimoto yakale yopanda injini, itakhala pa njerwa.

Kuimba ankakukonda, koma mawu okha, tinene zoona, Mulungu anawamana. Akwaya anawapempha mwaulemu kuti aziimbira kumbuyo. Iwo anangoseka, amvekere, "Inu mumamva khosi, Mwini wake amamva mtima."

Mliri wa kolona utafika, matchalitchi anatsekedwa, maganyu anatha, anthu anayamba kudwala maganizo. Kunabwera manambala a alangizi othandiza kudzera pa foni. Koma abale, thandizolo linali la ndani? Ambirife tinali ndi timafoni ta mabatani, data inkatipweteka, ndipo woyankha m'Chichewa kunalibe. Nanga ungalire bwanji m'kachipinda kamodzi, ana ali pomwepo, oyandikana nawo akumva kuseri kwa lata?

Malume anafunsafunsa mpaka anapeza Mayi Leah, mlangizi wa kwathu wokhala ku Nigel, amene anavomera kumacheza ndi anthu pa vidiyo. Kenako anatsuka galimoto ija. Foni yawo yaikulu ankaitsamiritsa pa chiwongolero, munthu n'kulowa, n'kutseka mawindo. Eni ake ankaima chapatali n'kuyambitsa nyimbo mokweza kuti wodutsa asamve kanthu. Apa ndiye mawu aja anapeza ntchito, moti ndi agalu omwe ankasamuka.

Amayi ankabwera, abambo toto. Amene ankatidetsa nkhawa kwambiri anali a Marshall, mmisiri wopenta nyumba, amene akazi awo anapita ndi mliriwo n'kuikidwa iwo osawaona nkhope. Anasiya kudya, anagawa zovala zawo. Tsiku lina masana anafika kwa Malume atagwira dzanja la mwana wawo, Samantha.

"Malume, zikadzavuta mwanayu mudzandisungire."

Malume anadziwa kuti munthuyu akutsanzika moyo.

"Lowani m'galimotomu mulankhule ndi a Leah."

"Hayi, Malume, ine si wamisala. Mwamuna salira pa foni."

"Chabwino, zisiyeni. Ndiye tandithandizani, mundipondere mabuleki ndione pansipa."

Galimoto yopanda matayala, mabuleki a chiyani! Koma mkulu akakutuma sukana. Malume anayamba alowetsa mutu ngati akukonza mpando, n'kuimba foni mwakachetechete. A Marshall polowa anangoona nkhope ya Mayi Leah pa chiwongolero.

"Achimwene, ngati simukufuna kulankhula musalankhule. Ine ndikhala nanu pompano," anatero mayiwo.

Chitseko sichinatsegukenso. Malume anatengera Samantha kumpanda, n'kuimba naye nyimbo zonse zomwe ankazidziwa, za Khirisimasi ndi za Pasaka zomwe, mpaka mawu anasasa. A Marshall anatuluka maso ali psu. Anabweranso sabata yotsatira, ndipo Mayi Leah anawalumikiza ndi a kuchipatala. Zinatenga nthawi, masiku ena ankabwerera m'mbuyo, koma Malume sanatope kukagogoda pakhomo pawo. Bodza la mabuleki lija anakaliulula kwa Bambo Mfumu matchalitchi atatsegulidwa, ndipo anatuluka akumwetulira.

Ukalamba utawapeza, miyendo inatupa, koma Misa sankajomba. Lamulungu lina atabwerako anakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi kolona wawo wopempherera m'manja, n'kugona. Sanadzukenso. Ambuye awalandire m'kuwala kwawo, ife tawasowa kwabasi.

Kumanda, wapampando atafunsa ngati alipo wofuna kunenapo mawu, anatuluka a Marshall, Samantha ali pambali pawo, mtsikana wamtali tsopano. Misozi inkangoyenderera, ndipo sanaipukute ngakhale panali abambo onse a parishi.

"Maliro anga munayenera kuyamba mwaika inu," anatero. "Mwana uyu ndinakamusiya kwa Malume kuti akhale wamasiye. Iwo anakana, n'kumubwezera bambo ake."