Nkhope Imene Inakana Kuuma

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene anandichotsa sukulu. Ndinamenya mnzanga ndi mpando chifukwa choseka nsapato zanga, ndipo aphunzitsi atabwera kudzatileretsa ndinawakankha nawonso. Amayi sanalire, sanakalipe. Anali atatopa nane kalekale. Anangoika malaya anga m'pulasitiki, tinakwera minibasi kuchoka ku Chawama mpaka ku Mtendere, n'kukandisiya kwa mlongo wawo, amalume a Tembo, amene ankajambula nkhope za anthu ndi penti ya mafuta.

Amalume ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri. China chinali chogona, china cha ntchito. Penti ya m'machubu yogulitsidwa m'tauni ankati ndi ya anthu olemera a ku Kabulonga, iwo ankapanga yawoyawo. Tinkakumba katondo kumene akukonza msewu, n'kumuviika m'ndowa. Mchenga ukakhala pansi, tinkatsanulira madzi ofiirawo m'beseni, n'kudikira masiku mpaka atauma, kutsala ufa wosalala ngati wa ana akhanda. Dothi lachikasu tikaliwotcha pa mbaula linkasanduka lofiirira ngati njerwa. Mtundu wakuda unkachokera ku mwaye wa nyali. Woyera ndi wabuluu wokha ndiwo ankagula.

Ntchito yanga inali kupera. Ndinkathira ufa pa galasi la windo la basi yakale, kudonthezera mafuta, n'kumazunguza ndi tako la botolo lochindikala limene amalume analikwecha pa simenti mpaka linasalala. Kuzunguza, kukokolola ndi mpeni, kuzunguzanso. Kamulu kokwana pa supuni kankadya ola lathunthu, mapewa akuyaka moto.

"Penti yabwino ni ufa wambiri, mafuta pang'ono," ankatero. "Iziimilira pa mpeni monga majarini. Iyi yako iyenda monga phala ya mwana."

Ankatapa pang'ono, kupaka pa chikhadabo, n'kukhuza ndi chala. Akamva kamchenga ngakhale kamodzi, mawu anali amodzi okha: "Bwereza."

Chuma chenicheni cha m'nyumbamo chinali mafutawo. Anali a linisidi, ogula ku hadiweya, koma amalume sankawagwiritsa ntchito momwe abwerera. Ankawakhutchumula ndi madzi ndi mchenga kuti litsiro litsike, kenako n'kuika botolo pa malata kuti liwombedwe ndi dzuwa miyezi itatu. Likamatsika pamenepo, mafuta amakhala atayera mbee. Ankati a m'sitolo amadetsa nkhope ya munthu pakapita zaka, koma ophikidwa ndi dzuwa amasunga khungu momwe analijambulira. Botolo lokonzeka linali limodzi lokha.

Mwezi wa Julaye kunabwera mayi wina wogulitsa chikanda pa maliketi, bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, Mbemba wa ku Mufulira. Amuna awo, bashi Chanda, anali mlonda, ndipo anamwalira chaka chapitacho. Anamasula mfundo ya chitenge natulutsa regi, chitupa cha boma cha malemuwo. Kachithunzi ka pamenepo, kochepa ngati bokosi la machesi, ndiko kokha kamene munthuyo anasiya padziko.

"Ba Tembo, tizavundukula mwala ku manda pa Loweruka yothera mu Ogasiti," anatero. "Bamayo bao babwera kuchoka ku Mufulira. Ni bakote, bakalamba maningi, pa maliro sibanakwanise kufika. Bakamba ati nifuna chabe nione nkhope ya mwana wanga ikulu, nikalibe kufa."

Amalume anavomera kuwajambula malemuwo. Anayamba ndi jekete, tayi ndi khoma la kumbuyo, ndipo zonsezo zinauma bwino. Nkhope anaisiya pomalizira, kutatsala milungu iwiri. Mitundu ya dothi imauma m'masiku anayi kapena asanu, choncho nthawi inalipo yokwanira.

Tsiku lopera mtundu wa khungu ndilo ndinalakwa. Ndinapera koyamba, anati bwereza. Kachiwiri, bwereza. Kachitatu anangopaka pa chikhadabo, sanandiyang'ane n'komwe, anati, "Ufuna bamuna ba bene bankhale na vipele? Bwereza." Anatenga chipewa napita kukagula misomali ya felemu. Kunja anzanga ankamenya mpira wamapepala, ndikuwamva akukuwa. M'mutu mwanga munachita chimene mumachita nthawi zonse, mdima ndi kutentha. Ndinamenya mwendo wa tebulo ndi phazi. Botolo linagwa, silinasweke, koma linagubuduka likukhuthula. Pamene ndinkalitola, miyezi itatu ya dzuwa inali italowa m'ming'alu ya simenti.

Ndinakolopa ndi sanza, ndinathira phulusa, ndinasesa. Kenako maso anga anagwera pa shelefu ya mapoto, pamene panali saladi, mafuta athu ophikira. Mtundu wake unali womwewo. Mphuno ya amalume inali itafa kale ndi mankhwala otsukira maburashi, sankamva ngakhale kapenta akupserera. Ndinadzaza botolo lija ndi saladi, n'kupera mtundu watsopano. Mumtima ndinkati mafuta ndi mafuta basi.

Atabwera anapaka pa chikhadabo, nakhuza, nakhuzanso.

"Ehe. Manje wapera. Waona kufewa? Uli na manja, iwe Yotamu, ni mutu chabe."

Chiyambire kubadwa, palibe munthu wamkulu anali atandiyamikirapo pa ntchito. Ndinangoti zikomo.

Masiku atatu anajambula nkhope ija, ndipo inatuluka bwino koopsa. Munthu wa pa regi uja anakhala ngati akufuna kuyankhula. Tinaiimika pakona kuti iume.

Patapita masiku asanu amalume anaigusa ndi nsonga ya chala m'mbali mwa khutu. Chala chinabwera ndi penti. Anati mwina ndi kuzizira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, chimodzimodzi. Tinayamba kuitulutsa panja kuti iwombedwe dzuwa, koma Ogasiti wa mu Lusaka mukumudziwa, mphepo yake imanyamula komboni yonse. Fumbi linamata pamphumi, kantchentche kanafera pa tsaya. Jekete linali gwa, louma, koma nkhope inkangonyezimira ngati munthu wotuluka thukuta.

Amalume anasiya kudya bwino. Ankakhala pa situlu kuyang'ana chithunzicho, manja ali pamaondo.

"Zaka zonse izi sininaonepo vaso," anatero tsiku lina. "Kapena nakalamba, Yotamu. Kapena ninasakaniza vinthu, naiwala."

Ndinali pomwepo ndikutsuka maburashi. Ndinangowerama. Usiku uliwonse ndinkapemphera kuti mawa iume, ngati Mulungu angasandutse saladi kukhala linisidi chifukwa cha ine.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, bana Chanda anabwera ndi mwana wawo Chanda, mnyamata wamkulu wogwira ntchito yoitanira mabasi. Amalume anayamba kufotokoza, koma mayiwo sanamve chilichonse. Maso awo anali pa amuna awo. Anayandikira pang'onopang'ono, nanena motsitsa, "Bashi Chanda," n'kutambasula dzanja kusisita tsaya, monga ayenera kuti ankachitira kunyumba.

Tsaya linachoka. Kuyambira pansi pa diso mpaka pakamwa panatsala mzere wa zala zitatu, nsalu yoyera ikuonekera. Anayang'ana zala zawo zofiirira. Sanazipukute. Anangoziyang'ana.

Chanda ndiye anaphulika. "Imwe mudala, ni vichani ivi? Mwezi wonse na hafu! Ambuya bafika mawa, tizabaonesa chani? Ngati mwakalamba siyani nchito, muzigulisa tomato!"

Amalume anavula chipewa. Munthu wa imvi, anaima ngati mwana wasukulu. "Nalakwa, mwana wanga. Siniziba chamene chachitika, koma nalakwa ndine."

"Wakuba iwe," anatero Chanda, nawaloza chala pamphuno.

Mdima uja unabweranso. Ndinadumpha beseni n'kumugwira Chanda pa kolala, ngakhale ankandiposa kutalika ndi mutu wonse. Amalume anandikoka malaya kumbuyo, ine ndikukuwa, ndipo mawu anatuluka okha ndisanawaganize: "Osatukwana amalume! Ndine ninataya mafuta! Ndine ninaikamo saladi!"

Chanda anandichotsa manja ngati akuchotsa chitosi cha nkhuku. Bana Chanda anatola regi ija patebulo ndi dzanja lamanzere, loyera, naimanganso pa chitenge.

"Tiye, Chanda," anatero. "Ni mwana."

Ndinkayembekeza lamba. Ndikanakonda lamba. Amalume anangokhala pansi, napuma mpweya wautali.

"Unataya liti?"

"Tsiku ija munayenda kugula misomali."

"Ukananiuza tsiku yamene ija, nikanagula ya ku hadiweya. Siyabwino, koma iuma. Ambuya baja bakanaona mwana wao." Anandipatsa mpeni wopalira. "Chosa. Saladi yangena mu nsalu, palibe penti izagwirapo futi. Chosa iwe wamene."

Ndinapala nkhope ya bashi Chanda ndi dzanja langa. Maso, mphuno, ndevu zimene amalume anazijambula limodzilimodzi, zonse zinasanduka matope abulauni pa nyuzipepala yakale. Sizinatenge ngakhale mphindi khumi.

Loweruka lija kumanda ananyamula fotokope ya regi, yokulitsidwa mpaka nkhope inangokhala madontho akuda. Anthu a pa maliketi anatiuza kuti gogo uja anaiyandikiza kumaso nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti uyu ndani.

Amalume sanandithamangitse. Anagula linisidi wina, ndinamukhutchumula ndekha, ndinakwera ndekha pa malata. Anati popeza tsiku lapita kale, achite chinthu chokhalitsa. Anatambasula nsalu yatsopano, tinayambira pa jekete. Chithunzi chinatha mu Disembala, mvula itayamba, ndipo chinauma m'masiku asanu. Ndinachinyamula ndekha kupita nacho ku maliketi nditachikulunga m'pulasitiki.

Bana Chanda anachiyang'ana nthawi yaitali. Ulendo uno sanachikhudze.

"Ni beve," anatero. "Uuze ba Tembo ati natotela, zikomo maningi. Koma bamayo bao tinabaika mu Novemba."

Tsopano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Maso a amalume anachita khungu, ndine ndimajambula, iwo amangokhala pa situlu n'kumayesa penti yanga pa chikhadabo. Ndikanakonda kulemba kuti ukali unandithera tsiku lomwe lija, koma likhala bodza. Mwezi wathawu ndinathyola chitseko cha kabati. Ndimatopa nawo mtima wangawu monga amayi anatopera nawo.

Chimene ndinaphunzira n'chaching'ono. Kale ndinkaganiza kuti choipa changa chachikulu ndi phazi lija lomenya tebulo. Ayi. Phazi linataya mafuta okha, ndipo mafuta amagulidwa. Chimene chinamana gogo uja nkhope ya mwana wake ndi milungu iwiri imene ndinakhala chete, ndikuonerera munthu wokalamba akudzikayikira, chifukwa ndinkaopa kutaya mawu amodzi okoma amene anandiuza. Masiku ano ndikaphwanya chinthu ndimapita kukanena nthawi yomweyo, mkwiyo usanazizire n'kusanduka mantha. Nkhope tinaijambulanso, ndipo ili pakhoma kwa bana Chanda mpaka lero. Loweruka lija ndilo palibe amene akanalijambulanso.