Njere Makumi Asanu ndi Limodzi

Mpaka lero ndikamva fungo la girisi wakale wosakanikirana ndi fumbi, mtima wanga umathamangira kwathu ku Kasenengwa, kuseri kwa nkhokwe kumene atate ankaimika pulanta yawo. Inali pulanta yokokedwa ndi ng'ombe, yachikale, utoto wake wobiriwira utangotsala m'makona. Inali ndi gudumu limodzi, tcheni chonga cha njinga, ndi chitini chothiramo mbewu. Pansi pa chitinicho panali mbale yachitsulo yamabowo imene inkazungulira n'kumagwetsa njere imodziimodzi. Agogo anaigula ku Chipata atate asanabadwe, ndipo m'mudzi monse inalipo yokhayo.

Kwathu kunalibe mwana wamwamuna, choncho atate anaphunzitsa ine kuitchera. Magiya ake anali atatu. Tcheni chikakhala pa laling'ono mbewu inkagwa mothithikana, pa lalikulu inkagwa patalipatali, ndipo chimanga chinkafuna lapakati. Koma atate sankakhulupirira giya. Ankaika pulanta pa njerwa, kuyala thumba pansi, ine n'kuzungulitsa gudumu kakhumi. Njere zikakwana makumi asanu ndi limodzi, ankati zili bwino. Ndinkanyada nayo ntchitoyi kuposa mayeso aliwonse a kusukulu.

Atate anamwalira m'nyengo yozizira, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Maliro atatha, ng'ombe zathu ziwiri ndi pulanta zinapita kwa mng'ono wawo, atate aang'ono a Filipo, ati kuti azitisungira. Ine sindinaonepo vuto. A Filipo ndinkawakonda kwambiri. Ndiwo ankandinyamula panjinga popita kutchalitchi, ndipo ankanditcha mekaniki wa banja.

Mvula yoyamba itagwa, amayi anatulutsa thumba la mbewu limene analandira ku kopaletivi. Njere zake zinali zopakidwa mankhwala ofiirira, ndipo zinkasiya utoto m'manja. Thumbalo linali lokwanira ndendende munda wathu wa kutsidya kwa dambo, ndipo chakudya chathu cha chaka chonse chinali mmenemo. A Filipo anabwera m'mamawa ndi ng'ombe. Pamaso pa amayi ndinaika tcheni pa giya lapakati, ndinazungulitsa gudumu, ndinawerenga njere mokweza. Zinakwana.

"Mwaona alamu? Mwana uyu ni mutu wa atate ake," anatero a Filipo akuseka. Amayi anabwerera kunyumba kukayang'anira ang'ono anga, ndipo a Filipo anandituma kudambo kukatunga madzi akumwa.

Nditabwerako tinayamba kubzala. Ine ndinali kutsogolo kukoka chingwe cha ng'ombe, iwo kumbuyo atagwira zogwirira. Nthaka inkanunkhira mvula, inswa zikuuluka, matope akumata kumapazi. Koma khutu langa silinakhazikike. Pulanta ija ndinkaidziwa kulira kwake, kuti kete kete kete, mofulumira. Tsikulo inkalira ngati munthu wotsimphina. Nditacheuka n'kunena, a Filipo anati ndi matope chabe, ndiyang'ane kutsogolo mizere ingakhote. Dzuwa litafika pamutu anandiuza kuti nditsogole ndi ng'ombe kumudzi, iwo atsala akwirire m'mphepete. Madzulo anabweretsa thumba lopanda kanthu.

Patatha sabata chimanga chinamera. Amayi anaima m'mphepete mwa munda n'kumayang'ana mizere. Pakati pa mmera ndi mmera munthu ankatha kuponda phazi kawiri. Munda wonse unkaoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Tinayesa kupachiza ndi chimanga cha m'nkhokwe, koma chinali chofumbwa, ndipo mvula inadula masabata awiri. Chambiri sichinatuluke.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, achibale anaunjikana pansi pa mtengo wa mango n'kumafunsa za munda wathu. Ndinali pomwepo, nditabereka mng'ono wanga. A Filipo anapukusa mutu mwachisoni.

"Olakwa ndine," anatero. "Ninasiya mwana kuti achite seti pulanta. Manje mwana ni mwana, anasokoneza magiya."

Anthu anandiyang'ana, ena momvera chisoni, ena akuseka. Azakhali anati zitsulo si za ana aakazi, malemu ankangondipusitsa. Ndinayang'ana amayi, poti iwo anaona ndi maso awo njere zija zikukwana. Anangoweramitsa mutu n'kumakonza chitenje chawo.

Ndinapsa mtima masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinadzera kumunda kwa a Filipo pochokera kusukulu. Iwo ankadandaula kwa aliyense kuti chaka chimenecho alibe mbewu yabwino, abzala ya m'nkhokwe. Koma chimanga chawo chinali chitamera bwino, mizere yodzaza. Ndinagwada, ndinakumba phando limodzi ndi kamtengo. Kumizu kunali kakhungu ka njere, kofiirira. Ndinakumba lachiwiri, lachitatu, mpaka khumi. Onse anali chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ananditumira kudambo. Anasuntha tcheni kupita pa giya lalikulu, mbewu yotsala n'kuibisa m'tchire.

Ndinathamangira kunyumba makungu aja ndili nawo m'manja. Ndinapeza amayi akusenda maungu pakhonde. Ndinatambasula dzanja, mawu akuthamangitsana m'kamwa. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sinadabwe ngakhale pang'ono. Kenaka anapinda zala zanga ndi dzanja lawo.

"Kataye, Mailesi. Usakauze munthu."

"Koma amayi, anena kuti ndine."

"Ng'ombe zili m'khola la ndani?" anandifunsa motsitsa mawu, n'kupitiriza kusenda.

Chaka chimenecho tinakolola ngolo imodzi yosadzaza. Pofika mwezi wa Okutobala tinkadya kamodzi patsiku, ndipo amayi ankapita kukagwira ganyu m'madimba a anthu. A Filipo anatibweretsera dengu la chimanga, amayi n'kugwada kuwathokoza, ine ndikudziwa kuti tikuthokozera chathu chomwe. Panjinga yawo sindinakwerenso. Dzina loti wosokoneza magiya linandimamatira mpaka ndinachoka pamudzi, ndipo pulanta ija sanandilolenso kuigwira.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti amayi anasankha mlamu wawo n'kutaya ine, ndipo bala lawo linandipweteka kuposa la a Filipo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa zimene mkazi wamasiye wokhala pamudzi wa mwamuna wake ankayeza mumtima. Akanayambana ndi a Filipo, chaka chotsatira tikanalima ndi makasu, mwinanso munda womwewo ukanapita. Anagula ng'ombe za chaka chamawa ndi dzina langa, ndipo mwina inenso ndikanatero. Zonsezi ndimazimvetsa. Koma Mailesi wamng'ono uja sankapempha kuti amayi akakangane ndi munthu. Ankangofuna kuti tsiku lina, ali awiriwiri, amuuze kuti anawerenga bwino. Ndinadikira zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka tinawaika m'manda asananene.